Mbiri ya Namondwe, mpaka kumatope

Ndikukumbukira chaka chimene ndinakwanitsa zaka khumi ndi chimodzi, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, tikukhala ku Thamesmead m'fulati ya pamwamba ndithu, momwe mphepo ya kumtsinje inkalowa osaodira. Masiku amenewo Thamesmead anali konkire yekhayekha, wotuwa ngati phulusa, ndipo basi ikakusiya unkaima pa siteji mpaka kuiwala kumene umapita. Anthu amanyoza malowo, koma ine musawanyoze ndili pomwepo, chifukwa ndinakulira kumeneko ndipo ndimawasowa. Ukaima pakhonde pathu unkaona dambo la bango, mahatchi osadziwika mwini wake akudya msipu, ndipo kutsogoloko mtsinje wa Thames, waukulu, wamatope, wonunkha dzimbiri madzi akaphwa.

Bambo anga, a Phiri, anali mphunzitsi wamkulu ku Dedza asanathawe boma la nthawi imeneyo. Ku London anali kondakitala wa basi. Mayi ankagwira ntchito m'chipatala. Ine ndinachoka ku Malawi ndili kumsana, motero Chichewa ndinkachimva bwinobwino koma ndinkayankha m'Chingerezi. Bambo ankandiseka kuti, "Naphiri uyu, makutu ndi akwathu, koma pakamwa anabwereka kwa Mzungu."

Pamwamba pa wailesi yakanema panali chithunzi cha mnyamata atagwira njinga, akuseka mano onse panja. Anali bambo aang'ono, a Wilisoni, mng'ono wawo wa bambo. Ndikafunsa za iwo, mayi ankangoti, "Anatsala kumudzi," n'kunditumiza kukatenga kanthu kukhitchini.

Bambo anali ndi ntchito yachiwiri imene sinali ya basi. Mmalawi akamwalira kulikonse mu London, kaya ku Edmonton kaya ku Ilford, ankaitanidwa ndi iwo kuti akawerenge mbiri ya malemu, poti anali ndi mawu a mphunzitsi, omveka mpaka kumbuyo. Mukudziwa mmene zimakhalira pamaliro akwathu. Munthu amaimirira, anthu n'kuvula zipewa, iye n'kuyamba kuti malemu anabadwira kwakuti, anabatizidwa, analowa sukulu, anakwatira, anadwala chakuti, anatisiya tsiku lakuti, asiya ana angati. Bambo sankadumpha kanthu. Ine ndinkatopa nazo zedi. Ndinkakhala pabenchi yolimba ija, nsapato zikundithina, n'kumadzifunsa kuti koma abale, munthu wafa kale, zonsezi n'zachiyaninso.

Chaka chimenecho aphunzitsi athu anali a Pritchard, bambo wandevu, wofatsa, wopenga ndi zombo. Tsiku lina anatiuza za chombo chankhondo chimene anachikhoma ku Woolwich, pafupi pomwepo ndi kwathu, m'zaka za m'ma 1700, nthawi imene zombo zinkayenda ndi mphepo. Anati anagwetsa nkhalango yathunthu ya mitengo ikuluikulu kuti achipange. Chinali ndi milongoti itatu, matanga oyera ngati nsalu zoyanika, mizinga m'mbali zonse mizere iwiri, ndi amuna mazanamazana odya mabisiketi ofumbwa. Chinamenya nkhondo ndi Afalansa, chinagwira zombo za adani, ndipo pobwerera mabelu a m'matchalitchi analira mu London monse. Nkhani ya a Pritchard inathera pa mabelu pamenepo.

Kenaka anati aliyense apange kachombo kofanana nacho, ndipo pa tsiku la makolo adzaimirire n'kufotokoza mbiri yake. Kokongola kuposa tonse akakaika m'kabati yagalasi ya pakhomo la sukulu, ndi dzina la mwini wake pakhadi.

Kabati imeneyo ndinkaifuna, ndisaname. M'kalasi monse wakuda ndinali ndekha, ndipo makolo a anzanga ankandidziwa kuti "kamtsikana ka ku Africa kaja," basi, ngati ndinalibe dzina. Ndinkafuna kuti aliyense wolowa pakhomo paja aziwerenga kuti Tiyamike Phiri, afune asafune, lilime lipindike lisapindike.

Anzanga ambiri anagula zombo za pulasitiki za m'bokosi, zongomata ndi guluu. Nditapempha changa, bambo anandiyang'ana ngati ndawatukwana.

"Pulasitiki? Iwe, mdzukulu wa mmisiri wa matabwa? Asa! Agogo ako angadzuke kumanda."

Anatola dilowa ya wadiropu yakale imene wina anataya pamabini, naiphwasula. Lamlungu lililonse tikabwera kutchalitchi ankavula jekete, n'kupinda malaya, n'kuyala nyuzipepala patebulo la kukhitchini. Mpaka lero fungo la thabwa lopala likandipeza, ndimaona manja awo aja, akuda ndi makobidi a m'basi, akusisita m'mimba mwa chombo ngati akusisita mwana. Ine ntchito yanga inali kupala ndi sandipepa ndi kudula misomali ya mizinga, n'kuipaka utoto wakuda. Matanga tinadula pa pilokesi ya mayi. Mayi atazindikira anakalipa kuti nyumba ino ifika pogona mitu pansi chifukwa cha nkhondo ya Azungu yomwe inatha kalekale, koma madzulo ake ndi iwo omwe anapinda m'mbali mwa matangawo ndi singano yawo.

Dzina lenileni la chombocho linali lalitali, la kamulungu kena ka Agiriki. Bambo anayesa kawiri, n'kunena kuti lilime lawo lagwira kale ntchito yokwanira pa mayina a masiteji a basi. Anachitcha Namondwe, ndipo m'nyumba mwathu chinakhala Namondwe mpaka kalekale.

Lamlungu lina, thupi la chombo litatha, milongoti itagona pambali kudikira guluu, anati, "Tayesa kunena mbiri ija timve."

Ndinaimirira pafupi ndi filiji, manja kumbuyo, ndinalakatula zonse mpaka pa mabelu a mu London. Ndinawerama ngati wochita zisudzo. Mayi anaomba m'manja. Bambo anangokhala, mpeni uli m'manja.

"Kenako?"

Ndinati basi, yathera pomwepo.

"Basi bwanji? Chinamera mapiko n'kuuluka?"

Ndinayankha m'Chingerezi changa chija kuti a Pritchard anathera pomwepo, ndipo a Pritchard ndi amene amadziwa za zombo.

"Sindikukana," anatero bambo. "Koma Naphiri, unandimvapo ine pamaliro ndikulekezera mbiri ya munthu pa tsiku la ukwati wake? Mbiri siithera pamene anthu akuomba m'manja. Imafika mpaka kumanda. Chombo ichi chinafa bwanji, ndipo anachiika ndani?"

Ndinatupa masaya. Koma bambo akafunsa funso sankaliiwala. Loweruka lotsatira anavala suti yawo ya kumaliro, tinakwera basi mpaka ku Greenwich, ku nyumba ija amasungiramo zakale za panyanja. Munali tizombo ta m'magalasi tosawerengeka, malupanga, mayunifolomu a golide. Ine mtima unali dyokodyoko, ndikuthamangira uku ndi uku. Bambo anapita kwa bambo wina woyang'anira m'chipindamo, natchula dzina lalitali lija mosamala ngati akuwoloka pamlatho wa mtengo umodzi, nafunsa kuti chinatha bwanji.

Munthuyo anatitsogolera kukona, kumene kunalibe anthu, natiloza chithunzi chojambula pamanja. Poyamba sindinazindikire kuti ndi chombo. Chinali chinthu chakuda, chofufuma, chitakhala pamatope. Milongoti kunalibe, matanga kunalibe. Pamwamba anakhomapo denga la matabwa lopindika ngati la khola la nkhuku, ndipo m'mabowo mmene munkatulukira mizinga munali zitsulo zopingasa. Zovala zosasuka zinali pachingwe.

Anatifotokozera kuti zombo zambiri zankhondo zikakalamba sankaziphwasula msanga. Ankazizula milongoti, n'kuchotsa mizinga, n'kuzimangirira mumtsinje, zikhale ndende. Namondwe wathu anathera momwemo. Akaidi ankagona m'mimba mwake ndi maunyolo kumiyendo, masana n'kumawapititsa kumtunda kukakumba matope. Ena anali amuna akuluakulu, ena anyamata amene anangoba kanthu kakang'ono. Malungo a m'ndende ankawasesa ngati chitopa. Chombocho chitaola, anachiphwasula n'kugulitsa matabwa ake.

Ndinayembekeza kuti bambo anena zikomo tizipita. Koma anayandikira chithunzicho mpaka mphuno kutsala pang'ono kugunda galasi, nayamba kufunsa mafunso amene sindinamvepo munthu akufunsa. Mpweya unkalowera pati? Chidebe chodzithandizira chinali chimodzi kapena ziwiri? Pogona, ankatembenuka aliyense payekha, kapena mmodzi ankalamula kuti onse atembenuke pamodzi? Woyang'anira uja anawayang'ana nthawi yaitali, nanena motsitsa mawu kuti zimenezo sanafunsidwepo.

"Nanga omwalira ankawaika kuti?"

"M'dambo, kumunsi kwa Woolwich," anatero munthuyo. "Popanda mwala, popanda dzina. Cha kumene amanga mafulati atsopano kuja."

Bambo anavula chipewa m'nyumba ya zakale ija, pamaso pa chithunzi. Ine ndinachita manyazi, ndinayang'ana kumbali.

Malamlungu anayamba kudutsa chombo chili pawindo osakhudzidwa, milongoti itagona pambali pake. Bambo akabwera kuntchito ankaima pakhonde, m'mphepo muja, kuyang'ana dambo. Tsiku la makolo linkayandikira, ndipo Gary, mnyamata wokhala kutsogolo kwanga m'kalasi, anali atabweretsa kale chake cha pulasitiki, chonyezimira ngati chanyambitidwa. Ndinadandaula kwa mayi. Iwo anangoti, "Asiye bambo ako," ndipo mawu ake sanali oti n'kubwerezanso funso.

Lamlungu lomaliza anayalanso nyuzipepala. Mtima wanga unakhala pansi. Koma guluu sanamutenge. Anaboola mabowo a milongoti kuti izingolowa ndi kuzuka, namanga zingwe zake mwanzeru kuti zizichoka pamodzi ndi matanga. Kenaka pa zotsalira za dilowa ija anasema kadenga kopindika, nakapaka utoto wakuda wa mizinga uja. Anazula milongoti, navundikira kadengako. Namondwe wanga wokongola anasanduka khola la nkhuku la pachithunzi lija.

"Uyambe ndi matanga, umalize ndi denga," anatero.

Mayo ine, ndinalira! Ndinati palibe amene akufuna zimenezo, palibe amene angaike ndende m'kabati yagalasi, andiseka sukulu yonse. Ndinati, "Dad, please!" kambirimbiri, ndikuponda pansi. Sanakalipe. Anabwezera milongoti, matanga anaimanso, ndipo kadenga kaja anandiika m'dzanja.

"Chombo n'chako, pakamwa mpako. Ine ndangosema."

Tsikulo linafika. Holo ya sukulu inkanunkha polishi ndi majasi onyowa. Tizombo tinandandalikidwa patebulo lalitali, ndipo sindikudzitama, Namondwe analibe mnzake. Anthu ankawerama kuona timizinga ta misomali, ena kufunsa kuti tinagula kuti. Kadenga kanali m'thumba la juzi yanga. Ndinakatenga pongoopa kuti bambo angakapeze ndakasiya patebulo, koma mumtima ndinali nditatsimikiza kuti sikatuluka. Mayi anali kuntchito. Bambo anafika mochedwa, ali m'yunifolomu ya basi, naima kumbuyo pafupi ndi chitseko.

Dzina langa litaitanidwa ndinaimirira. Ndinanena za nkhalango imene inagwa, za amisiri a ku Woolwich, za matanga, za utsi wa mizinga, za zombo za adani. Mawu anga ankamveka mpaka kumbuyo, ndithu ndinali mwana wa bambo anga. Nditafika pa mabelu a mu London, holo yonse inaomba m'manja. A Pritchard ankagwedeza mutu, ndevu zikuseka. Kabati ija ndinaiona kuti ndi yanga.

Ndiye ndinayang'ana kumbuyo. Bambo sankaomba m'manja. Sanakwinye nkhope, sanandikodole, sanachite chilichonse. Anangoima chipewa chili pachifuwa, mutu utapendekeka pang'ono. Kaimidwe kameneko ndinkakadziwa, ndinakaona pamaliro onse amene anandikokerako. Ndi mmene anthu akwathu amaimira pamene mbiri ikuwerengedwa ndipo sinafike kumapeto.

Sindinganene kuti ndinalimba mtima, iyayi. Ndinangoona kuti sindingathe kukhala pansi munthu ataima choncho. Ndinati, "Sindinamalize."

Ndinazula milongoti, matanga n'kugwera patebulo. Ndinatulutsa kadenga, ndinavundikira. Ndinanena za maunyolo, za matope, za malungo, za anyamata oba kanthu kakang'ono. Ndinati omwalira anawaika m'dambo popanda mayina, ndipo dambo lake ndi lomweli timaliona pawindo. Ndinati chombocho chinaola, anachiphwasula, ndipo mbiri yake yathera pamenepa.

Mayi wina ananong'oneza mnzake mokweza kuti zinthu ngati zimenezi si zouza ana. Kamwana kena kanafunsa ngati kudambo kuli mizukwa, amake n'kukatseka pakamwa. A Pritchard anandithokoza mwaulemu. Pambuyo pake anandiuza kuti za ndendezo ankazidziwa, anangoganiza kuti tsiku la chisangalalo silifuna matope. Anthu anaombako m'manja, koma mwa apo ndi apo, ngati mvula yoyamba.

M'kabati munalowa chombo cha Gary. Zinandiwawa kwambiri, ndipo musandiuze kuti mphoto si kanthu, chifukwa kwa mwana wa zaka khumi ndi chimodzi ndi kanthu. Ndinatuluka misozi ili chuchuchu, osafuna n'kuwayang'ana komwe bambo.

Iwo ananyamula Namondwe m'khwapa. M'malo molowera kunyumba, anakhotera kanjira ka kumtsinje. Ndinawatsatira ndikukoka mapazi. Anali masana otuwa, madzi ataphwa, matope akunyezimira, mbalame zoyera zikulira. Tinakwera pachipupa chotchinga madzi. Anaika chombo pansi, chili ndi denga lake, natembenukira kudambo. Anavula chipewa, nakonza kukhosi, ndipo anayamba ndi mawu awo aja a pamaliro.

"Malemu Wilisoni Phiri anabadwira ku Dedza, nyengo ya dzinja, ali mwana wachitatu m'banja la mmisiri wa matabwa."

Malemu. Mawu amenewo anandilowa ngati madzi ozizira. Munthu wa pachithunzi uja, wa njinga, amene ndinkauzidwa kuti anatsala kumudzi.

Bambo sanandiyang'ane. Anapitiriza, osadumpha kanthu. Anati malemu anabatizidwa ali khanda. Analowa sukulu mochedwa chifukwa ankaweta mbuzi. Masamu ankamuvuta koma wailesi iliyonse yakufa ankaidzutsa. Ankaseka mokweza mpaka m'tchalitchi. Anali ndi chibwenzi, mtsikana wa kutsidya kwa mtsinje, ndipo ankhoswe anali atakumana kale. Za ndale sankazidziwa n'komwe. Mkulu wake, mphunzitsi, anamangidwa, anakhala m'chipinda chimene anthu ankatembenuka pamodzi pogona, anatulutsidwa, ndipo atamva kuti akubweranso kudzamutenga anathawa ndi mkazi ndi mwana. Atamusowa mphunzitsiyo, anatenga mng'ono wake.

Apa mawu anawathawa. Anadikira, mphepo ikuwomba jekete la basi lija, mpaka anabwerera.

"Malemu anamwalirira m'ndende. Tsiku sitikulidziwa. Matenda sitikuwadziwa. Manda sitikuwadziwa. Sanasiye mwana. Kumudzi sanalire, chifukwa kulira kunali mlandu. Asiya mkulu wake mmodzi, amene wawerenga mbiri za anthu onse mu London muno, koma ya mng'ono wake inamukanika mpaka lero."

Anawerama, natapa dothi la pachipupa, naliponya kudambo monga timachitira pamanda. Anatapanso lina nandipatsa. Ndinafunsa ndi maso kuti bwanji pano, poti a Wilisoni sali pano.

"Agona apawa nawonso analibe wowawerengera," anatero. "Maliro n'kulirana, mayi. Amusunge mnzawo."

Ndinaponya dothi lija. Ndipo pakamwa panga paja, pobwereka kwa Mzungu, panatuluka mawu amene ndinkawamva amayi akunena pamaliro, amene ndinali ndisanawanenepo chibadwire. Ndinati, "Pepani, bambo."

Anandiyang'ana, nkhope yonse yonyowa, ndipo anayankha monga amayankhira munthu wamkulu wobwera kudzapepesa. "Zikomo, Naphiri. Mwatiyendera."

Papita zaka zambiri. Thamesmead ija inasintha, dambo lambiri anamangapo nyumba, ndipo makondakitala m'mabasi anatha. Chichewa ndinachitola pang'onopang'ono kuyambira tsiku limenelo, poti ndinali nditaona kuti pali zinthu zimene bambo sakanazinena m'chilankhulo china. Iwo anamwalira ali nkhalamba, konkuno, ndipo mbiri yawo ndinawerenga ndine. Akuluakulu ena anandikokera pambali kuti za ndende ndi zothawa tingozidumpha, n'zakale, tisadzutse zogona. Ndinawathokoza mwaulemu wonse, ndinaimirira, ndinawerenga zonse. Nditamaliza ya bambo ndinati sindinamalize, ndinawerenganso ya a Wilisoni, anthu ataima, zipewa pachifuwa.

Ndili mwana ndinkayesa kuti mbiri ya pamaliro ndi yotamanda munthu. Tsopano ndikudziwa kuti ndi yomuperekeza. Oomba m'manja pa tsiku la mabelu sasowa, ngakhale alendo amaomba nawo. Koma wako weniweni ndi amene amakutsata mpaka kumatope, nanena poyera kumene unathera, kuti usasowe ngati chinthu chotayika m'basi.

Namondwe ali pa shelefu m'fulati yanga ku Ilford, ndi denga lake lakuda. M'kabati yagalasi sanalowemo, ndipo fumbi ndimamupukuta ndekha. Adzukulu anga akabwera amandichonderera m'Chingerezi chawo kuti tiimike milongoti, ndipo ndimaitulutsa m'dilowa, matanga a pilokesi ya mayi aja atachita chikasu. Ndimawalola, amaomba mizinga ndi pakamwa, amagonjetsa adani onse. Akafika pa mabelu n'kuyamba kuthawira ku masewera ena, ine ndimangoima pakhomo, mutu utapendekeka pang'ono, n'kuwafunsa funso limodzi lija.

"Kenako?"